Kapini Kotchinga Kebulo Si Kokongoletsera Ndege

Mnyamata wina wa ku Machinjiri, yemwe akuphunzira ntchito yokonza ndege zing'onozing'ono, wandilembera funso limene ndaganiza zoliyankha poyera, poti si iye yekha amene akukumana nalo. Akuti tsiku lina akutseka pansi pa mipando ya ndege, atamaliza kuyendera makebulo owongolera, anaona kuti pule imodzi ilibe kapini kake kotchinga. Atauza mkulu amene akumuphunzitsa ntchito, anayankhidwa kuti asachedwetse anthu: kebulo yakungika bwino, singachoke pamalo pake, kapiniko kadzaikidwa kakadzapezeka. Tsono akufunsa zinthu ziwiri. Kodi n'zoona kuti kebulo yokungika singavuke pa pule? Nanga munthu wongoyamba kumene achite chiyani pamene wonena zimenezi ndi mwini layisensi?

Mphwanga, si zoona. Ndege imeneyo siyenera kutuluka mu hangar kapiniko kasanabwerere. Koma sindikufuna ungomva za ine n'kuvomera. Ndikufuna umvetse chifukwa chake, kuti ukakaima pamaso pa mkulu wakoyo uzikayankhula zomwe ukuzidziwa.

Woyendetsa ndege akakoka chiwongolero, mphamvu ya dzanja lake imayenda mu chingwe chachitsulo chodutsa pansi pa mipando, n'kumakhota pa mapule angapo mpaka kukafika pa elevator, chija chimakweza kapena kutsitsa mphuno ya ndege. Makebulo ena amalowa m'mapiko kukayendetsa ma aileron opendeketsa ndege ikamakhota, ena amachokera kumapazi kupita ku rudder. Mu Cessna 172, 206 kapena Caravan, mtundu wa ndege zomwe zimatera ku Likoma ndi m'mabwalo ang'onoang'ono a m'mbali mwa nyanja, kebulo ikalephera palibe kompyuta kapena pampu yoti ilowe m'malo mwake. Ngakhale Boeing 737 ija anthu a ku Machinjiri ndi ku Chirimba amaiona ikutsetsereka kupita ku Chileka ili ndi makebulo achitsulo oyenda pa mapule, kuchokera kutsogolo mpaka kumchira. Kebulo yodziwika kwambiri pa ntchitoyi imatchedwa 7x19: nkhosi 7, iliyonse yopotedwa ndi timawaya 19, tonse pamodzi 133. Yonenepa 1/8 ya inchi, omwe ndi mamilimita 3.2, imapirira kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 900 isanaduke. Dzanja la munthu silingaidule poikoka. Chimene chimaipha ndi kuyenda pamalo pomwe sinayenere kuyenda.

Mkulu wako akunena zoona pa chinthu chimodzi: kebulo yokungika imakhaladi m'kangalande ka pule. Vuto ndi lakuti palibe kebulo yomwe imakhala yokungika nthawi zonse. Makebulo owongolera amayenda awiriawiri. Woyendetsa akakoka mwamphamvu, ina imanyamula katundu yense, inzake imapepukidwa, ndipo pa kamphindi kameneko ikhoza kungoti lende. Ndege ikalowa mu mphepo yokuntha ya masana, ija imaponya ndege uku ndi uku pamwamba pa Michiru kapena chakufupi ndi phiri la Mulanje, thupi lake limapindika pang'ono, mtunda wa pakati pa pule ndi inzake umasinthasintha. Ikaimikidwa panja osaikidwa chokhomera chiwongolero, mphepo imamenyetsa rudder ndi elevator uku ndi uku usiku wonse, makebulo akukwapulika m'kati. Kebulo yatsopano nayo imanyutuka pang'ono m'maola ake oyamba.

Kenako pali kutentha, ndipo apa pakufunika kudekha chifukwa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Thupi la ndege ndi la aluminiyamu, kebulo ndi yachitsulo. Kukatentha, aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, kukazizira amabwereranso chimodzimodzi. Ndege yomwe yakhala padzuwa la mu Okutobala ku Chileka imatalika pang'ono n'kukoka makebulo ake, moti ukaigwira nthawi imeneyo kebulo imamveka kuti gwa. Ndege yomweyo ikanyamuka, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 2 pa mafiti 1,000 alionse. Pofika mafiti 10,000 pamwamba pa bwalo, kwazizira ndi madigiri ngati 20, thupi lafupika, makebulo akhwefuka. M'mamawa wa chiperoni mu Juni kapena Julayi, kukhwefukako kumayamba ndege isanachoke n'komwe pansi. Kebulo imene mkulu wako anaigwira masana n'kukhutira nayo si imene woyendetsa adzakhale nayo kumwamba.

N'chifukwa chake malamulo a ku America opangira ndege zing'onozing'ono, m'ndime yomwe kwa zaka zambiri inkadziwika ndi nambala 23.689, anaika poyera kuti pule iliyonse ikhale ndi chotchinga choyandikira kwambiri, choti kebulo isachoke kapena kukodwa ngakhale itakhwefuka. Amene analemba ndimeyi ankadziwa kuti kukhwefuka kudzafika ndithu. Chotchingacho chimakhala kapini kodutsa m'mbali zonse ziwiri za bulaketi, nthawi zina split pin, nthawi zina kachitsulo kopindidwa mozungulira pule. Sichikhudza kebulo. Chimangoima pafupi kwambiri ndi milomo ya pule, mpata wake n'kukhala wochepa moti kebulo singadutsepo. Masiku onse abwino chimangokhala, n'chifukwa chake anthu amachiderera. Ntchito yake imafika pa kamphindi kamodzi kaja kebulo yati lende.

Pa chigayo ku Ndirande kapena ku Bangwe lamba akavuka pa pule, wogayitsa amathimitsa injini, kubwezeretsa lamba, amayi pamzere n'kudikirako pang'ono. Kumwamba kulibe poimika. Kebulo ikavuka imagwera pakati pa pule ndi bulaketi. Ikapanika pamenepo chiwongolero chimauma, woyendetsa akakoka mwamphamvu imangopanikirapanikira. Ikapanda kupanika, njira yake yafupika, ndiye chiwongolero chimayenda mtunda ndithu mchira usanamve kanthu. Zonse ziwiri zimakonda kuonekera pomwe woyendetsa akukoka kwambiri, ponyamuka ndi potera, pamene nthaka ili pafupi.

Pali china choopsa kuposa kapini kosowa, ndipo ndikufuna uchidziwe bwino chifukwa chimagwira ngakhale amisiri osamala. Ndi kebulo yodutsa kunja kwa kapini m'malo modutsa pakati pa kapini ndi pule. Zimachitika pokoka kebulo yatsopano m'malo opanikiza, momwe dzanja limalowa koma diso silifika. Ukakunga, tensiometer, chida choyezera kukungika kwa kebulo, imakupatsa nambala yoyenera. Ukayendetsa chiwongolero, mchira umayenda. Aliyense amene angoyesa ali pampando adzati zili bwino. Koma kebulo ikuyenda pa kachitsulo kosazungulira, ikucheka kapiniko, kapiniko nako kakuidya. Ukalowetsa kagalasi ndi tochi pamalo otere, umaona kangalande ka pule kali kouma, kopanda chizindikiro choti pakudutsa kanthu. Pa kapini pali mkwasa wowala waliwali, ndipo pansi pake, pa thupi la ndege, pagwa kafumbi kotuwa kachitsulo. Ukatembenuza kebulo pang'ono, mbali yomwe imakhudza yaphwatalala, timawaya tasalala mpaka sitikusiyanitsikanso. Nthawi zina woyendetsa amakhala atadandaulapo kuti chiwongolero chikulemera kapena chikumveka ngati chikukhula penapake, wina n'kungothira mafuta. Dandaulo lotere usalithire mafuta. Tsata kebulo yonse, pule ndi pule, mpaka upeze chomwe chikukhula.

Choncho kuona mchira ukuyenda si umboni woti kebulo ili pamalo pake. Umboni ndi diso lako litaona kebulo m'kangalande, kapini kali kunja kwake, pa pule iliyonse, ndi chala chako chitatsimikiza pomwe diso lakanika. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yathu ino ndi yotero.

Wina angati, ngati vuto ndi kukhwefuka, bwanji osangokunga kwambiri? Iyi ndi njira yachidule yowonongera ndege. Kebulo yokungidwa mopyola muyeso imakumba kangalande ka pule, imapha ma bearing, imakoka mabulaketi mpaka kupindika kapena kung'aluka pa ma rivet, ndipo chiwongolero chimalemera. Bulaketi ikapindika pule imapendekeka, kebulo n'kuyamba kukwera mlomo, ndiye wayitana chomwe umathawa chija. Muyeso uli mu manual ya ndegeyo, pamodzi ndi tchati chosonyeza nambala yoyenera pa kutentha kulikonse. Ilowetse ndege pamthunzi, uisiye mpaka thupi lake lifanane ndi mpweya wa mu hangar, uwerenge thermometer, kenako upite pa tchati. Tensiometer ikhale ndi kachitsulo kake kogwirizana ndi kunenepa kwa kebuloyo, tsiku lake loyezedwa lisakhale litadutsa, ndipo uyezere pakati pa mtunda wautali, kutali ndi pule ndi turnbuckle, chija chokungira kebulo. Kuyeza ndi chala, kuikhwasula kebulo n'kumvera kulira kwake, n'kosangalatsa kuonerera koma si muyeso.

Pule yokha imakuuza zambiri ukaiyang'anitsitsa. Kangalande kozama, kodindika mizere ya timawaya, kakunena kuti kebulo yakhala yokungika kwambiri. Mlomo umodzi wodyeka pamene unzake uli bwinobwino ndi chizindikiro choti pule ndi kebulo sizili pamzere umodzi, ndipo pamenepo usangosintha pule, fufuza chomwe chapendeketsa bulaketi. Malo amodzi okha ophwatalala akutanthauza kuti bearing inauma kalekale, pule inasiya kuzungulira, kebulo imangokhuluzika pamwamba pake. Kangalande kotakasuka kuposa kebulo kakusonyeza kuti wina anaika pule ya saizi ina. Igwedeze cham'mbali: ikamasewera, bearing yatha. Mapule ambiri sazungulira n'komwe kamodzi kathunthu, amangopita uku ndi uku pa kachigawo kochepa moyo wawo wonse, choncho poyendera ndi bwino kuwatembenuza ndi dzanja kuti kebulo ikhale pamalo atsopano. Ma fairlead, tija timangotsogolera kebulo podutsa m'mabowo, si mapule. Sayenera kukhotetsa kebulo kuposa madigiri 3, ndipo ukaona kebulo itakhota pa fairlead moonekera ndi maso, china chake chasuntha.

Kebulo uiyendere ndi kansanza, osati ndi dzanja lokha, chifukwa kawaya koduka kamaboola chala. Kulunga kansanzako pa kebulo n'kukoka pang'onopang'ono. Pomwe kakodwa, ima. Uza mnzako ayendetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse kuti chigawo chomwe chimabisala pa pule chituluke poyera, pakuti timawaya timaduka pomwepo, pamene kebulo imapindika tsiku ndi tsiku. Pomwe wakayika, khwefula kebulo, uipinde pang'ono ngati uta, timawaya toduka m'kati tidzatulukira tokha. Buku la AC 43.13-1B la FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, lomwe linatuluka mu 1998 ndipo amakaniko a ndege amalidalira pomwe manual sinanene kanthu, silinyengerera pa nkhaniyi: kawaya kamodzi koduka pomwe kebulo imadutsa pa pule kapena pa fairlead, ngakhalenso mkati mwa futi imodzi kuchokera pa mutu wake, kebulo yonse ichoke. Timawaya takunja tikadyeka mpaka 40 kapena 50 peresenti, moti tikuoneka ngati tasungunukirana, ichokenso.

Nyengo yathu imathandizira kuwononga. Fumbi la chilimwe likasakanikirana ndi girisi limasanduka chokhulira chomwe chimadya kebulo ndi pule yomwe. Dzinja madzi amalowa pansi pa mipando ndi kumchira, ndipo pambuyo pa chinyezi chonga chomwe Blantyre inaona ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndege iliyonse yomwe inali panja imafunika kutsegulidwa pansi n'kuonedwa dzimbiri. Samala kwambiri pafupi ndi batire, komanso pa ndege zopopera mankhwala m'minda, poti mankhwalawo amadya chitsulo msanga. Makoswe ndi mavu omanga ndi dothi amakonda mchira wa ndege yoima nthawi yaitali. Komatu usatsuke kebulo ndi petulo kapena thinner pofuna kuti iwale. Ukatero wachotsa mafuta a m'kati mwa nkhosi omwe sungawabwezeretse. Pukuta ndi nsalu youma, upake zomwe manual yanena. Dzimbiri likakhala kuti lalowa m'kati mwa nkhosi, kebuloyo yatha.

Pa 9 Ogasiti 2007, ndege ya Twin Otter ya kampani ya Air Moorea inagwera m'nyanja itangonyamuka pa chilumba cha Moorea kupita ku Tahiti, ulendo wa mphindi zochepa chabe. Anthu onse 20 anafa. Ofufuza a ku France anapeza kuti kebulo yokwezera mphuno inaduka pomwe inali itadyeka podutsa pa chotsogolera. Ndegeyo inali ndi makebulo a stainless steel, omwe sachita dzimbiri msanga koma amadyeka msanga akamakhuzika, pamene ndege zina za kampaniyo zinali ndi makebulo a chitsulo cha kaboni. Dziwa mtundu wa kebulo yomwe ili mu ndege imene ukuigwira. Usaganize kuti poti ndege ziwiri n'zofanana kunja ndiye kuti m'kati n'chimodzimodzi.

Komabe nthawi imene kebulo imachoka kwambiri pa pule ndi pamene ife eni tili m'kati ndi masipanala. Ukamasula turnbuckle imodzi kutsogolo, kebulo yonse imagona mpaka kumchira, pa mapule omwe sunawatsegule n'komwe. Choncho usanamasule, mata tepi kapena ika zopanira kuti kebulo isasunthe pa mapule ndi pa ma drum, ndipo chilichonse chomwe waika chikhale ndi kansalu kofiira kolendewera kuti usachiiwale. Lemba dzina pa mutu uliwonse wa kebulo. Jambula ndi foni momwe zinalili, koma chithunzicho chikhale chokukumbutsa chabe, pakuti amene anagwira iwe usanabwere akhozanso kukhala kuti analakwitsa. Chojambula cha mu manual ndicho cholamula. Posolola kebulo yakale, mangirira chingwe kumapeto kwake kuti chitsale m'njira n'kudzakokera yatsopano. Tizipini tomwe wachotsa uike m'kathumba, ulembepo chiwerengero ndi malo ake, ukamangirire pomwepo. Tatuluka tisanu, tibwerere tisanu. Split pin siibwerezedwa. Pa turnbuckle pasaoneke mizere ya sikuluwu yopitirira 3 mbali iliyonse, ndipo ikhomedwe ndi waya kapena ma clip ake usanachokepo. Usanatseke, werenganso zida zako: kansanza, sikuluwu kapena cholembera chotsala pansi chimatha kulowa pakati pa kebulo ndi pule. Ngakhale sikuluwu yotsekera pansi ikatalika kuposa yake imatha kukafika pa kebulo.

Kumchira, komwe makebulo amayenda moyandikana, unika ndi tochi kuti utsimikize kuti sanapiringizane kapena kusinthana njira. Pa 11 Novembala 2018, ndege ya Embraer 190 ya kampani ya Air Astana inanyamuka ku Alverca m'dziko la Portugal itangotuluka kokonzedwa. Makebulo a ma aileron anali atalumikizidwa mosemphana. Oyendetsa analimbana nayo pafupifupi maola awiri ikugudubuzika m'mitambo, mpaka anatera ku Beja pa kuyesa kwachitatu. Anthu anapulumuka, koma ndegeyo inapindika moti sinaulukenso. Imeneyo inali ndege yamakono, yokonzedwa pa kampani yaikulu ya ku Ulaya. Choncho ukamaliza, mmodzi akhale pampando, wina aime kunja, muziyankhulana mokweza. Chiwongolero kumanja: aileron yakumanja ikwere, yakumanzere itsike. Kukoka: elevator ikwere. Phazi lamanja: rudder ipite kumanja. Wakunjayo anene chomwe waona, osati kungoti eya. Kenako muyeze madigiri ndi chida, mbali zonse, mufanizire ndi manual.

Kuyeza madigiri kumeneku ndi komwe kunadumphidwa pa ndege ya Beechcraft 1900D ya Air Midwest, yomwe inagwa ku Charlotte m'dziko la America pa 8 Januwale 2003 n'kupha anthu onse 21. Nkhani imeneyi ikukukhudza kwambiri, mphwanga, chifukwa amene anagwira makebulo a elevator masiku awiri ngoziyo isanachitike anali makaniko yemwe ankaphunzira ntchitoyo pa ndege ya mtundu umenewo. Iye ndi womuphunzitsa anagwirizana zodumpha masitepe ena a mu manual powaona ngati osafunika, ndipo womuphunzitsayo ndi yemwenso anasaina ngati woyendera. Elevator inatsala ikutsika madigiri pafupifupi 7 okha, theka la momwe imayenera kutsikira. Ndegeyo inauluka maulendo 9 popanda vuto looneka. Pa ulendo wotsatira inadzaza, kulemera kunapita kumbuyo, mphuno inakwera itangonyamuka, ndipo oyendetsa anakankha mpaka kumapeto osaitha. Maulendo 9 aja ndi amene amandiopsa. Ndege yako yopanda kapini ikhoza kupita ku Lilongwe n'kubwera kangapo, mkulu wako n'kumati waona, palibe chachitika. Kubwera bwino kumeneko sikutsimikiza kanthu.

Zomwe zimakankha anthu kudumpha zinthu ndikuzidziwa, ndipo si ulesi nthawi zonse. Ndalama zakunja zikasowa, kapini ka mtengo wochepa kamatenga masabata kuti kafike kuchokera ku Johannesburg. Mwini ndege ali pafoni, alendo ake akudikira. Dzuwa lapendeka, magetsi azima, ndipo aliyense akuwerengera minibasi yomaliza yopita ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa. Nthawi ngati imeneyi ndi imene munthu amakumbukira kuti mu msika wa Ndirande mulibe chosowa. Amisiri a kumeneko ndimawalemekeza, amadzutsa magalimoto omwe ena anawataya kale, ndipo pule akhoza kukusemera yooneka ndendende. Koma pule ya ndege, kebulo yake, ngakhale kapini, zimabwera ndi pepala lotsimikiza komwe zachokera ndi chitsulo chomwe zapangidwira, monga FAA Form 8130-3 kapena EASA Form 1. Split pin ya mu hardware ikhoza kukhala yopyapyala n'kusiya mpata woti kebulo idutse, kapena yofewa n'kupindika tsiku lomwe ikufunika. Msomali, waya wa mpanda ndi cable tie si zotchinga. Ngati choyenera palibe, ndege idikire. Ntchito ikakuthera pakati, lemba pa khadi mapule omwe waona ndi omwe sunafike, upachike chikwangwani pa chiwongolero, kuti wobwera m'mawa asayese kuti zatha.

Tsono za mkulu wako. Usamuchititse manyazi pagulu, ndipo usapite kukamunena kwa anzako mu minibasi. Mwina ndi mmisiri wabwino amene watopa kapena wapanikizidwa ndi apamwamba. Tenga buku la zigawo za ndegeyo, utsegule tsamba losonyeza pule imeneyo, kapini kali ndi nambala yake, upite naye pambali. Unene kuti, bwana, tandithandizani apa, bukuli likusonyeza kapini koma pa ndege palibe, ndilembe bwanji pa khadi? Funso lotere limamupatsa mpata wokonza zinthu ulemu wake uli pomwepo, ndipo amisiri ambiri akaona tsamba amasintha maganizo. Safunsa anadya phula, ndipo mu ntchito ino wophunzira wosafunsa ndi amene amaopsa.

Akakana, lemba chosowacho pa khadi la ntchito ndi dzanja lako, tsiku ndi malo ake. Usaike dzina lako pa sitepe yomwe sunaione itatha, ngakhale atakuuza kuti n'zongodzaza mapepala. Kampani iliyonse yovomerezeka kukonza ndege imakhala ndi woyang'anira za ubwino wa ntchito, ndipo kumufikira si kupereka munthu, ndi ntchito imene anamulembera. Pamwamba pa onsewa pali Malawi Civil Aviation Authority, yomwe imapereka malayisensi ndi kuyang'anira makampaniwa. Sindikubisa, kuima chonchi uli wophunzira n'kovuta, ntchito zikusowa ndipo kunyumba akukudalira. Koma dzina lako mu mabuku a ndege limakhala zaka zambiri, ndipo tsiku la kafukufuku amawerenga dzina, safunsa kuti anakuuza ndani.

Pali lamulo lakale mu ntchito yathu, lomwe ambiri amalitcha duplicate inspection: chilichonse chokhudza zowongolera ndege chikasokonezedwa, munthu wachiwiri woyenerera, amene sanagwire nawo ntchitoyo, ayendere payekha ndege isanatsekedwe. Pomwe lamuloli lasanduka kungopatsirana cholembera, lafa. Wachiwiriyo agwade, atenge tochi yake, atsate kebulo kuyambira pa chiwongolero mpaka kumchira ngati kuti woyamba uja samudziwa. Ndipo amene waphunzitsa ntchitoyo sangakhalenso woiyendera, chifukwa diso lake lidzaona zomwe iye mwini akuyembekeza kuona.

Inu akuluakulu okhala ndi malayisensi, ndi inu eni ndege, mnyamata akakupezerani kapini kosowa mumuthokoze pamaso pa anzake, kuti ena aone kuti kunena n'kololedwa. Ndipo poitanitsa mafyuluta ndi mafuta a mwezi uno, onjezerani pa oda yomweyo mapini otchinga, ma split pin a saizi zonse za ndege zanu, waya wokhomera ndi mapule awiri kapena atatu, zikhale mu sitolo zisanafunike.